Tsiku Limene a Judite Anakwera Padenga

Kumudzi kwawo, kufupi ndi Nsadzo, a Judite amadziwika ndi zinthu ziwiri: ndiwo zamasamba ndi kuuma mutu. Za ndiwozo anthu amawayamikira pamaso, koma za kuuma mutuzo amanenera kumbali, chifukwa mayiwa sachedwa kuyankha. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Amuna awo, a Narciso, ndi ofatsa mopitirira, moti mbuzi imamaliza chimanga iwo akuganizabe mawu oithamangitsira. Awiriwa akhala limodzi zaka zoposa makumi atatu, ndipo mudzi wonse sudziwabe kuti zimatheka bwanji.

Ulimi wa dimba a Judite anauphunzirira kuchilendo. Nkhondo itafika kwawo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, ndipo anathawira ku Zambia ndi mayi awo, atasenza mphasa ndi nkhuku imodzi imene inafera m'njira. Kumsasa wa othawa nkhondo kunali mayi wina wa ku Angónia amene ankalima kabichi kuseri kwa nyumba yake. Mtsikanayo ankamutungira madzi, mayiyo n'kumamuonetsa kufesa, kuwokera ndi kuthirira patsinde osati pamasamba. Pobwerera kwawo mu 1994, a Judite anali ndi mwamuna, mwana kumsana, ndi kachitini ka mbewu komangidwa pansonga ya chitenje.

Kwawoko dothi ndi labwino, vuto ndi madzi. Mvula ikabwera imagwa mokwiya miyezi inayi, kenako n'kupita osatsanzika. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu mtsinje umakhala mchenga wokhawokha, amayi n'kumafukula ndi manja kudikira kuti timadzi tituluke. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu a Judite anasenza madzi kuchoka kumchenga uja kupita kudimba lawo, maulendo asanu ndi limodzi m'mawa uliwonse, kuthirira mabedi atatu okha. Kangapo konse anafuna kusiya, koma kusiya chinthu iwo sakudziwa.

Zinthu zinasintha chaka chimene a Narciso, amene amalima fodya, anafolera chigafa chawo ndi malata kuti mabelo asamanyowe. Mvula yoyamba itagwa, a Judite anaima pakhonde akuona madzi akukhuthuka kuchoka padengapo, n'kukumba ngalande pabwalo, n'kupita kukagwetsa chimbudzi cha eni ake. Mtima unawawawa. Madzi onsewo akungotayika, iwo khosi likuwatha ndi ndowa! Chilimwe chomwecho anayamba kuumba njerwa okha. Mwana wawo Ivone, amene amagulitsa zakudya pachipata cha m'malire cha Cassacatiza, ankatumiza simenti thumba limodzilimodzi pa malole. Anthu odutsa ankafunsa ngati mayiwa akudzimangira manda akadali moyo, iwo n'kuyankha kuti eya, ndipo malo a wofunsayo aliponso.

Patapita zaka ziwiri thanki linaima pambali pa chigafa, lalitali kuposa mwamuna, lozungulira, lokhala ndi chivundikiro ndi mpopi pansi. Mmisiri anadula malata n'kupanga ngalande yotsata m'mphepete mwa denga mpaka kukamwa kwa thankilo. A Judite sanachite zinthu mwachisawawa. Mvula ziwiri zoyamba ankazisiya zitayike kuti zitsuke fumbi ndi zitosi za nkhunda, ndipo pakamwa pa thanki anamangapo chidutswa cha neti ya udzudzu. Aderito, tekiniko wa zaulimi amene amayendera midzi pa njinga yamoto, imene kuno timati mota, anabwera, anazungulira thankilo kawiri, analijambula pafoni, n'kunena kuti akalionetsa kwa akuluakulu ake ku Chifunde.

Chaka choyamba dimba linali biriwiri m'mwezi wakhumi, pamene dziko lonse linali fumbi. Munali kove wa masamba onga repu, matimati, anyezi, ndi alifasi wa masamba ofewa amene amadyedwa wosaphika. Kumishoni, kumene atsikana a pashikola amagonera komweko, anayamba kutenga ndiwo kwa a Judite Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Chimenechi ndicho chinawakomera kuposa zonse. Iwo shikola anaisiyira panjira chifukwa cha nkhondo, tsono kuona atsikana a mabuku akudya za m'manja mwawo kunkawapatsa matama, ndipo matamawo sankawabisa.

Chaka chachiwiri mvula inagwa bwino, thanki linadzaza mpaka pakamwa. M'mwezi wachisanu ndi chimodzi, alifasi woyamba atatsala masabata awiri kuti adulidwe, a Judite anapita kumishoni kukagwirizana za masiku obweretsa ndiwo. Anapeza kukhitchini kuli sisitere watsopano, Irima Lúcia, amene kale ankagwira ntchito kuchipatala. Anali munthu wa mafunso. Anafunsa za manyowa, anafunsa za mankhwala a tizilombo, ndipo a Judite anayankha zonse mosangalala, mpaka anafotokoza za mvula ziwiri zoyamba ndi neti ija asanafunsidwe n'komwe.

"Nanga padenga pomwe mumatenga madziwo pali chiyani, amayi?" anafunsa Irima Lúcia.

"Pali malata, Irima. Pamwamba pa malatawo pali Mulungu."

Sisitereyo anaseka, n'kunena kuti wangofunsa chifukwa alifasi sapita pamoto. A Judite anatuluka atapsa mtima pang'ono. Madzi a kumwamba angakhale ndi chiyani? Anayenda akudziyankhulira, akukonza mayankho ena abwino amene akanapereka. Koma atafika pamchenga wa mtsinje uja, miyendo inaima yokha. M'makutu mwawo munamveka phokoso limene analimva kambirimbiri osaliganizira: gobede, kenako kukunkhunika pang'ono pamalata, kenako zii.

Phokosolo linali la mabotolo a mankhwala a fodya. Zaka zambiri zapitazo, mwana wa mnansi wawo anatola botolo lotere kudzala, anatungiramo madzi n'kumwa. A Narciso ndiwo anamunyamula panjinga kuthamangira naye kuchipatala, ndipo mwanayo anatsirizikira pamsana pawo asanafike. Kuyambira tsiku limenelo bamboyu sanasiyenso botolo pansi. Kukwirira ankakana, ati nkhumba zimafukula. Kuotcha ankakana, ati utsi wake umalowa m'nyumba. Botolo likatha ankaliponya padenga la chigafa, kumene dzanja la mwana silingafike. Kunoko denga ndiwo malo a chinthu chilichonse chimene sitifuna kuti ana achigwire: mpeni wothyoka, mabatire akutha, dzino logweluka. Pa denga la udzu zinthuzo zinkapita pamodzi ndi udzu wakale. Pa malata panalibe chozichotsa, ndipo malatawo anali atakhala zaka zisanu.

Atafika kunyumba anapeza amuna awo akusoka thumba pamthunzi, ndipo anawafunsa za mabotolowo asanatule n'komwe dengu. A Narciso anati mphepo inawaulutsa kalekale, komanso munalibe kanthu. A Judite anawapempha kuti akwere akaone. Bamboyo anati bondo likuwavuta, akwera mawa. Tsono mawa la a Narciso mudzi wonse umalidziwa, limatha kufika chaka chamawa.

Mkazi sakwera padenga. Palibe amene analemba lamulo limeneli, koma aliyense amalidziwa. Ena amati wokwerayo sabereka, ena amati amachititsa manyazi mwamuna wake, ngati kuti pakhomopo palibe mwamuna. N'chifukwa chake a Judite, amene anaumba njerwa iliyonse ya thanki lija, anali asanaonepo pamwamba pa denga limene linkawapatsa madzi. Tsikulo analowa m'nyumba, anavala buluku la amuna awo mkati mwa chitenje, anakoka makwerero n'kuwatsamiritsa pachigafa. Mayi wina wodutsa anawakumbutsa za kusabereka kuja. Iwo anayankha ali pa sitepe yachitatu kuti kubereka anamaliza zaka makumi awiri zapitazo, ndipo zikabwereranso odabwa adzakhala iwo eni. Anthu anayamba kuima m'njira, ndipo a Narciso anaweramitsa mutu pathumba lawo.

Mutu utangotulukira pamwamba, a Judite anamva fungo, ndipo analizindikira. Linali fungo la malaya a amuna awo masiku opopera fodya. Dengalo linali lotsetsereka pang'ono chabe, ndipo pamwamba pake panali miyala ndi matayala akale otsendereza malata kuti asauluke. Kuseri kwa mwala uliwonse kunali mabotolo ataunjikana. Ena anali athunthu koma opanda zotsekera, ena dzuwa linali litawaphwanya, ukangowakhudza n'kufumbutuka ngati chikhokhombe cha dzira. M'tayala limodzi munatsalira madzi obiriwira, mabotolo atatu ndi mabatire otupa ali momwemo. Pangodya ya ngalande, pomwe madzi amatsikira m'thanki, mabotolo awiri anali atapanikizana ndi masamba, makamwa atayang'ana kumene madzi amachokera. Mvula iliyonse ya zaka ziwiri inadutsa pamenepo.

Anakhala pamwamba paja nthawi yaitali, malata akuwawotcha m'mawondo. Anachita mantha poganiza za atsikana aja akutafuna alifasi chaka chatha. Kenako anaitanitsa thumba ndi mapepala apulasitiki ovala m'manja, n'kuyamba kutola. Thumba linadzaza, anaitanitsa lina.

Atatsika anakhuthula zonse pamapazi pa amuna awo, ndipo mawu amene anatuluka pamenepo anamveka mpaka kutchalitchi. Anawanena ulesi, anawanena kusaganiza, anakumbutsa ndi zina za mu 1998 zimene sizinkakhudzana ndi denga. A Narciso anamvetsera mpaka mphepo itawathera akazi awo, kenako anayankha motsitsa.

"Amake Ivone, mabotolo ena munkandipatsa ndinu. Munkati, ponyani padenga ana asawaone."

Zinali zoona. Chaka chomwe thanki linkamangidwa, iwo eni anatola botolo pakhomo la chigafa n'kuwapatsira amuna awo m'manja. M'mutu mwawo denga la mabotolo linali lina, denga la madzi linali lina, chonsecho linali denga limodzi. A Judite anawerama n'kuyamba kubwezera mabotolo aja m'matumba.

Aderito anabwera patapita masiku awiri. Anatunga madzi a m'thanki m'kapu, anawayang'ana padzuwa, ananunkhiza. Anali oyera mbee, opanda fungo. Anafotokoza kuti ndi maso munthu sangadziwe, kuti zoyezera madzi otere zili kutali mumzinda, ndipo sangalonjeze kuti yankho lingabwere alifasi asanakalambe. Mwina mankhwala amene analowa ndi ochepa kwambiri moti sangavulaze munthu, mwinanso ayi, chifukwa palibe akudziwa kuti m'mabotolomo munkatsala zochuluka bwanji. A Judite anamuuza kuti asawazungulitse ngati ng'ombe yapagoli, anene chimodzi.

"Mukandifunsa ngati tekiniko, amayi, ndinena kuti sindikudziwa," anatero Aderito. "Mukandifunsa ngati ndingampatse mwana wanga alifasi ameneyu, ndinena kuti ayi."

Anamangirira matumba a mabotolo aja kumbuyo kwa mota, anawachenjeza kuti madziwo akafuna kuwataya asawatayire kufupi ndi chitsime kapena mtsinje, n'kumapita.

Apa m'pamene alangizi anachuluka. Wina anati madzi ambiri chotere timadontho tingachite chiyani. Wina anati chaka chatha atsikana anadya, ndani anamwalira? Wina anati Irima sanakwere padenga, adziwa bwanji. A Narciso, pofuna kuthandiza, anati ngati kumishoni kukuvuta, ndiwozo azikagulitsa kumsewu waukulu kwa oyendetsa malole, amene amadya lero mawa ali ku Zambia. Tisanamizane, a Judite anaziganizira zimenezi. Anakhala masana onse pamphepete pa dimba akuyang'ana alifasi wonenepa, mizere isanu ndi itatu, ndi thanki lodzaza ndi mvula ya chaka chonse. Mvula ina inali kutali miyezi isanu. Ankafunitsitsa kuti wina awauze mawu amene angawakhulupirire, akuti madziwo ndi abwino, koma onse amene ankanena zimenezo anali anthu amene sanakwere padenga. Dzuwa litapendeka anadzuka, n'kuuza amuna awo kuti oyendetsa malolewo nawonso ali ndi amayi awo.

Lachisanu anapita kumishoni ndi dengu lopanda kanthu. Ulendo umenewu unawavuta kuposa kukwera denga. Anaima pakhomo la khitchini, atsikana akudutsa n'kumawapatsa moni, ndipo anauza Irima Lúcia zonse: mabotolo, mabatire, mawu a tekiniko. Sanabise ngakhale za ndiwo za chaka chatha, kuti nazonso zinathiriridwa ndi madzi a denga lomwelo. Sisitereyo anamvetsera osawadula. Anawathokoza, anati adziwitsa akuluakulu a shikola ndi anamwino, ndipo anati chaka chino ndiwo azitenga kwa munthu wina. Za chaka chamawa anangoti tidzaona. A Judite ankayembekezera kamawu kena kofewa, koma sikanabwere. Anabwerera kwawo atakwiyira aliyense, sisitere, amuna awo, fodya, ndi iwo eni koposa onse.

M'mawa mwake anazula dimba lonse. Mbuzi zinasonkhana kumpanda zikulira, koma sanaziponyere ngakhale tsamba limodzi. Anakumba dzenje lofika m'chiuno, anathiramo alifasi, kove ndi mbande za matimati, anakwirira n'kutsenderezapo miyala chifukwa cha nkhumba. Mayi wina anapempha kuti ampatseko kove pang'ono, ati akamuphika kwambiri. Anamuuza kuti akafuna akafukule yekha iwo atamwalira.

Panatsala madzi. Kungotsegula mpopi sikukanatheka, chifukwa pabwalo pawo pamatsetserekera kuchitsime cha mudzi. Kuseri kwa chulu, mbali imene imatsikira kutchire, a Narciso anabzalako mitengo ya bulugamu ya milimo ya chigafa, ndipo bulugamu sadyedwa ndi munthu kapena mbuzi. Tsono a Judite anapinda nkhata, anatsegula mpopi, anadzaza ndowa n'kusenza. Anthu anaona zachilendo: mayi amene anamanga thanki kuti asasenzenso madzi, akusenza madzi kuchoka pathanki kupita nawo kutchire. Ena anaseka, ena anamva chisoni, ndipo amene anayesa kuwapepesa anayankhidwa kuti pepani sanyamula ndowa.

Masiku awiri anasenza okha. Tsiku lachitatu anamva kulira kwa tcheni kumbuyo kwawo. Anali a Narciso, akukankha njinga itamangidwa zigubu zinayi, akutsimphina ndi bondo lija. Mmodzi akamapita wina akubwera, ankapatukirana panjira ngati alendo. Madzulo bamboyo ankakwera padenga, anthu akuona, n'kumagwetsa miyala ndi matayala, kukhomera malata ndi misomali yeniyeni, kukwecha ngalande ndi sopo. Anakhomanso bokosi lachitsulo lokhala ndi loko mkati mwa chigafa, loti mabotolo azidikiramo tekiniko. Sananene kuti pepani, ndipo akazi awo sananene kuti zikomo, koma tsiku lachisanu ndi chimodzi mayiwo anawasungira amuna awo madzi osamba otentha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mpopi unatsokomola, unadontha kangapo, n'kusiya. A Judite anatsamiritsa makwerero pathanki, anakwera, anawakokera mkati n'kutsikira pansi ndi burashi, sopo ndi ndowa ya madzi a kumchenga, chifukwa makoma ankafunika kukwechedwa asanapakidwe simenti yatsopano. Mkatimo munali mozizira ndi mwamdima pang'ono, kumwamba kukuoneka kabwalo kowala. Anagwira khoma lonyowa. Njerwa zimene zinali kuseri kwa simentiyo ankazidziwa, chifukwa iliyonse inadutsa m'manja mwawo.

Masiku onse aja, padenga, kumishoni, padzenje la alifasi, sanagwetse msozi. M'thankimo, poona kuti palibe amene akuwaona, anakhala pansi ponyowapo n'kulira. Chimene sanaganize n'chakuti thanki lopanda madzi limakuza mawu. A Narciso, amene anali atakwera pa mgolo kunja kuti azilandira madzi akuda, anamva zonse. Anachotsa mutu pakamwa pa thanki kuti mthunzi wawo usaoneke pansi, n'kudikira, akuyang'ana kutchire.

Patapita kanthawi kulira kunasiya. Kunamveka kumina, kenako burashi inayamba kukwecha khoma.

"Abambo ake Ivone, muli pamenepo?"

"Ndangofika kumene."

"Tsitsani chingwe. Ndipo sopoyu sakwana, mubweretse wina."